Kabotolo ka pa Mono wa a Matewere

Zoti a Rapson Matewere anatsirika miono yawo n'kutupitsa munthu nkhope ndi bodza. Ndikudziwa kuti mwazimva. Mwazimva ku Small Heath, mwazimva ku Coventry, ena mwazimva pa maliro ku Wolverhampton mbale ili m'manja, ndipo mayi wina wa ku Leeds amene sanawaonepo n'komwe a Matewere anandiuza pa foni kuti kabotolo kawoko kamalankhula Chilomwe. Tsiku lomwe kabotoloko kanatsegulidwa ine ndinali pomwepo, ndikutsuka makapu kukhitchini ya holo yomwe timapemphereramo, kawindo koperekera tiyi kali kotsegula. Sindinakatsegule ndine kawindoko. Kungoti sindinakatseke.

Ndiyambe ndi munthuyo, poti ambiri amene mumamutafuna simukumudziwa.

A Matewere kwawo ndi ku Mulanje, cha ku Thuchila. Kumudzi anali kalaliki pa esiteti ya tiyi, munthu wa njinga yake ndi cholembera chake pa thumba la malaya. Akazi awo, mayi Roselyn, ndi nesi, ndipo ndi amene anatsogola kubwera kuno kwa azungu mu 2002, nthawi ija manesi ankachoka kwathu ngati ngumbi mvula yoyamba ikagwa. Bambowo anatsatira patatha chaka, dzanja ili atagwira mwana wawo Chrissy, dzanja ilo chikwama. Ukalaliki unathera pa eyapoti. Kuno anapeza ntchito yosesa ndi kukolopa ku fakitale ya magalimoto ku Longbridge, ndipo ankaikolopa fakitaleyo ngati anawasiyira ndi atate awo. Ndi munthu wamfupi, wosalankhulalankhula, wa jekete imodzi yabulawuni yomwe yadya Khirisimasi zingapo. Ku mpingo wathu, womwe umabwereka holo ku Small Heath Lamlungu masana, ntchito yawo inali ya pakhomo: kufika oyamba, kuyala mipando, kulandira anthu, kugawa mabuku a nyimbo, kuchoka omaliza atazimitsa magetsi. Ena amanyadira digiri. A Matewere ankanyadira kabaji kolembedwa kuti Usher, ndipo Loweruka lililonse ankakapukuta.

Fakitale itatsekedwa mu 2005 anakhala miyezi inayi pakhomo. Mwamuna wa kwathu akakhala pakhomo mkazi akupita ku shifiti amasanduka chimodzi mwa ziwiri, mlaliki kapena chidakwa. A Matewere analephera zonse ziwiri. Anangoonda. Amene anawatola ndi mzungu wina dzina lake Steve, mnzawo wa ku Longbridge, wa mimba ngati mtsuko ndi mtima wabwino. Steve anawapezera ntchito yonyamula makatoni ku weyahausi ina kufupi ndi Nuneaton, ndipo tsiku lina ataweruka anawatengera ku kamtsinje kodutsa m'famu ya msuweni wake. Anapapasa m'udzu, anakoka chingwe, m'madzi munatuluka mono. Mono weniweni ngati wa ku Thuchila, kungoti uwu ndi wa ukonde wakuda wapulasitiki. M'kati munali nkhanu za kuno, zija azungu amati crayfish, zazitali, zamchira, zopanira ziwiri zikuluzikulu kutsogolo, ngati nkhanu inakwatirana ndi dzombe.

Steve anawafotokozera kuti zimenezi n'zobwera, zinachokera ku Amereka ndipo zikutha nkhanu za eni dziko, ndiye amene ali ndi chilolezo azigwira mmene angathere, bola asabweze ndi imodzi yomwe m'madzi. A Matewere akuti anaziyang'ana nthawi yaitali n'kuti, "Ndiye kuti nazonso zili pa viza." Ndi nthabwala yokhayo yomwe ndikudziwa kuti anainenapo chibwerereni.

Anapempha chilolezo, chinabwera, pamodzi ndi timanambala tomangirira pa mono uliwonse. Anagula miono isanu ndi umodzi. Nyambo ankatenga makosi a nkhuku kwa wabutchala wina wa pa Coventry Road, amene anafika pomawasungira m'kajumbo osafunsa kuti ndi za chiyani. M'mawa popita ku ntchito ankapatuka n'kutchera, mawa lake nthawi yomweyo n'kuvuula, poti mono suyenera kutha masiku awiri osaonedwa. Nkhanuzo zimafuna zikhale tsiku lathunthu m'madzi oyera kuti zitulutse matope, ndiye mayi Roselyn ankati akachokera ku shifiti miyendo itatupa, ankapeza bafa ladzaza alendo akugwedeza ndevu. Mwezi woyamba anakalipa. Mwezi wachiwiri anagula chibeseni chachikulu n'kuchiika kuseri kwa nyumba, chifukwa anaona kuti mwamuna wawo wayambanso kuimba mluzu posita zovala, ndipo lamba wabwerera pa bowo lake lakale.

Cholakwa cha a Matewere n'chimodzi, ndipo ndi cha kwathu: chinthu chabwino sadya okha. Mu Meyi 2006, pa holide ija ya Lolemba, anatenga azibambo a mu mpingo kukawaonetsa malowo. Anaotcha nyama, anawiritsa nkhanu m'chidebe ndi mchere ndi tsabola wa kambuzi, anawayendetsa mtengo ndi mtengo kuwalozera pomwe pamangidwa chingwe chilichonse. Mlenje wanzeru sauza ngakhale mlamu wake pomwe watchera. Iwowa anauza anthu khumi ndi awiri, n'kuwajambula ndi zithunzi zomwe.

Pa gululo panali bwana Gresham Dzimbiri, mlembi wa mpingo. Awa ndi aja a madigiri awiri, ogwira ku ofesi ya za makompyuta, amene sangakupatseni moni osayamba ndi "actually". Amakhala ku Nuneaton komweko poti akazi awo, mayi Vailet, ndi nesi kumeneko, ndipo kuchokera pa nyumba yawo kukafika pa kamtsinjeko ndi mphindi khumi pa galimoto. Tsikulo anakana kudya. Ananyamula nkhanu imodzi ndi nsonga za zala, anaiyang'ana ngati yawatukwana, n'kuti, "Achimwene, actually ine tizilombo ayi. Malemba amaletsa cha m'madzi chopanda mamba." Atatero anadya masoseji a nkhumba atatu.

Patatha masabata awiri miono inayamba kuuma. Osati masiku onse, koma kawiri kapena katatu pa sabata. Poyamba a Matewere anati mwina ndi nyengo. Kenako anaona kuti nyambo yadyedwa yonse, kachitseko ka mono n'kotseka bwinobwino, koma m'kati mulibe kanthu. Nkhanu sidya n'kutseka chitseko potuluka. Steve anati ndi anthu a m'deralo, koma iye yemwe anakayika, chifukwa wakuba wa kuno amanyamula mono wonse kapena kuutaya pa mtunda. Uyu ankaonjola, n'kubwezera mono m'madzi, n'kumanganso chingwe pa muzu mwaukhondo. Ndipo mfundo yakeyo ndi yomwe inawaimitsa mutu a Matewere. Sinali mfundo yawo, sinalinso ya Steve. Inali mfundo ija timamangira mbuzi pa chikhomo, yokoka kamodzi n'kumasuka. Mzungu wa ku Nuneaton anaiphunzira kuti imeneyo?

Zomwe anayesa munthuyu kuti apulumutse miono yake, mukazimva mukhoza kulira kapena kuseka, malingana ndi mtima womwe munabadwa nawo. Anachotsa chingwe chabuluu n'kuika chobiriwira kuti chisamaoneke m'udzu. Chinapezeka. Anayamba kumanga chingwe pansi pa madzi, moti eni akewo kuti achipeze ankapinda malaya mpaka paphewa. Chinapezekanso. Anasamutsira miono itatu kuseri kwa mlatho, wakubayo anangotsata pomwe udzu wagona. Anamanga tizitseko ndi timalamba tapulasitiki tija sitimasuka, tachikasu, kuti azidziwa ngati mwalowa dzanja. Anapeza tadulidwa, m'malo mwake mwaikidwa tina toyera, tija amamangira mawaya a makompyuta mu ofesi. Ine sindikunena kanthu, ndikungofotokoza mtundu wa timalamba. Anagula tcheni ndi loko, wakubayo anangong'amba ukonde wa m'mbali, mono umodzi n'kuthera pomwepo. Ku polisi anawalandira mwaulemu, anawapatsa nambala ya mlandu, koma nawonso sangatumize munthu wa yunifolomu kukalondera nkhanu.

Tsiku lina la ofu anakabisala m'tchire kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, zitsamba zoyabwa za kuno zija zitawalemba miyendo yonse. Sikunabwere munthu, kupatula gogo wina wachizungu ndi galu wake, ndipo galuyo ndi amene anawatulukira. Chomwe anaiwala n'chakuti Lamlungu lapitalo anali ataimirira mu mpingo kupempha mapemphero pa nkhaniyi, n'kutchula ndi tsiku lomwe akabisalire, mlembi akulemba.

Ndiye anaganiza zongolankhula naye wakubayo. Analemba kakalata. Pepala m'madzi silikhala, choncho anatenga kabotolo kabulawuni komwe munali mankhwala a chifuwa a Chrissy, anapinda kakalatako n'kulowetsamo, anamata pakamwa ndi phula la kandulo, anakakulunga ndi tepi yakuda ya magetsi kuti kasasweke, n'kukamangirira pa kachitseko ka mono ndi ulusi wofiira wa mayi Roselyn, poti ndi womwe unali pafupi. Tangoganizani inu nomwe. Kabotolo kakuda, phula pakamwa, ulusi wofiira m'khosi, kali lendee pa msampha m'mbali mwa mtsinje. Mzungu akanakatsegula n'kuwerenga. Mmalawi sangatsegule. A Matewere amati maonekedwe akewo sanawabwerere n'komwe m'mutu, ndipo ine ndimawakhulupirira, chifukwa munthu woulula tsiku lobisalira pamaso pa mpingo alibe nzeru zolodzera mnzake.

Loweruka la sabata yomweyo, cha m'ma folo masana, mafoni anayamba kulira. Bwana Gresham ali ku chipatala. Nkhope yatupa, maso atsekeka, milomo ili ngati mabanzi awiri, mpweya ukuvuta. Abusa anathamangirako. Munthu akaona manda pafupi amalankhula, ndipo zomwe bwana Gresham anawanong'oneza abusa ndi izi: "Kabotolo ka a Matewere. Ndinakagwira." Pofika Lolemba kutupa kunali kutaphwa, ndipo nkhani inali itavala suti. Akuti anapita kukayenda m'mbali mwa mtsinje akupemphera, anaona chingwe cha m'bale wawo chakola m'zinyalala, chifundo chinawagwira, anati akonze, dzanja linakhudza kabotolo, basi.

Apa ndi pomwe ine magazi amandiwira. Mpingo wathu uli ndi manesi oposa makumi awiri. Anthu obaya azungu jakisoni, amene ine ndikati ndili ndi litsipa amandikonza kuti ndinene migraine. Palibe anafunsa kuti munthuyu anadya chiyani tsikulo. Palibe anafunsa kuti chifundo chake n'chotani chofika mpaka pa kachitseko ka mono womira pansi pa madzi. Onse anangoti, "Ee, koma anthu a ku Mulanje," n'kugwedeza mitu yawo ya mawigi. Amene anafunsa ndi mayi Roselyn okha. Anawaimitsa mayi Vailet pa sitepe za holo.

"Achemwali, pa fomu ya ku chipatala analemba chiyani?"

"Zinthu za mizimu sizilembedwa pa fomu, achemwali."

"Nanga anawabaya jakisoni wanji?"

"Ine ndinali ndikupemphera, sindinaone."

Nesi wa zaka khumi ndi zisanu pa ntchito sanaone jakisoni wa mwamuna wake. Chabwino.

Lamlungu lomwelo abusa analengeza pa guwa, osatchula dzina koma maso ali pakhomo, kuti m'bale wina waimitsidwa kaye pa ntchito ndi pa mgonero kufikira akulu ataiona nkhani yake. A Matewere anali ataima pakhomopo mabuku a nyimbo ali m'manja. Anaika mabukuwo pansi, anavula kabaji, anakasiya pa tebulo, n'kukakhala kumbuyo. Mipando inayi kumanja ndi inayi kumanzere inakhala yopanda anthu, mu holo yomwe ena amaimirira. Pa chakudya cha pambuyo pa mapemphero, mpunga wa mayi Roselyn, womwe kale unkatha abusa asanamalize kudalitsa, unabwerera kunyumba ndi chivundikiro chake. Chrissy sanaitanidwe ku befide ya mnzake wa pa mtima. Mayi wina anabweza chitenje chomwe anabwereka chaka chapitacho, atachichapa ndi madzi amchere, ndipo anachiponyera pa kabowo ka makalata ka pa chitseko.

Ine ndinapita kwawo pakati pa sabata, ndipo mpunga uja ndinaudya, wotenthetsa mu maikolowevu. Mpaka lero nkhope yanga ndi yomweyi. Ndinawapeza ali pa mkangano wa pansipansi.

"Bambo a Chrissy, katayeni miono ija. Tinabwera kudzagwira ntchito kuno, osati kudzaweta tizilombo."

"Ndikataya ndiye kuti ndavomera."

"Nanga mukasunga?"

"Anenabe. Koma ine sindinavomere."

"Ndiye mukufuna chiyani? Mwana akulira kuchipinda uko."

A Matewere anatembenuza supuni pa tebulo. "Ndikufuna chimodzi chokha, mayi. Pomwe ananenera kuti ndine mfiti, pa guwa pomwepo akanenerenso kuti sindine."

Chodabwitsa, kapena chosadabwitsa, masabata amenewo miono inadzaza ngati kale. Steve akuti anasangalala, anati kakalata kagwira ntchito, dziko lino anthu aulemu alipobe. A Matewere sanamufotokozere. Mungayambire pati kumufotokozera Steve?

Akulu anaitanitsa nkhani patatha masabata atatu, Loweruka cha m'ma teni m'mawa. Lamulo linali lakuti a Matewere abweretse zonse, miono, kabotolo, ndi nkhanu iliyonse yomwe ili m'nyumba mwawo, kuti zipemphereredwe kenako zitenthedwe. Anabweretsa. Miono isanu yonunkha matope anaiika pakati pa holo, ndipo poti nkhanu za m'nyumba zinali zophika kale, anabwera ndi poto yemwe. Panali abusa, akulu anayi, mayi Roselyn, mayi Vailet, ndi bwana Gresham atakhala pa tebulo ndi buku la maminitsi. Inde. Wodandaula ndi yemweyo, mboni ndi yemweyo, wolemba mlandu ndi yemweyo.

"Kanthu kaja kali kuti?" anafunsa abusa.

A Matewere anapisa m'thumba la jekete n'kukaika pa tebulo. Mipando inakhuluzika pansi. Mkulu wina, amene amaphunzitsa ku yunivesite, anakumbukira kuti galimoto sanaloke.

"Abusa, tsegulani," anatero a Matewere.

"Ayi, m'bale. Zoterezi sititsegula, timatentha."

"Mukatentha musanawerenge, ine ndikhala mfiti mpaka kufa."

Palibe anatambasula dzanja, ndiye anatsegula okha. Anakanda phula ndi kiyi wa nyumba, anasolola kapepala n'kupatsa akazi awo. Mbali imodzi kanali ka Chingerezi, mbali ina ka Chichewa, poti mfundo ya mbuzi ija inali itawauza kale kuti wakubayo amamva cha kwathu. Mayi Roselyn anawerenga mokweza. "Miono iyi ndi ya ine R. Matewere, ndili ndi chilolezo. Ngati muli ndi njala imbani nambala ili m'munsiyi ndikugawirani. Chonde musang'ambe ukonde. Ambuye akudalitseni."

Kukhitchini ine ndinasiya kapu m'madzi. Mkulu wa ku yunivesite anabwerera pang'onopang'ono pa mpando wake. Bwana Gresham anakhosomola.

"With all due respect, abusa, pepala ndi pepala. Mphamvu ya zinthu izi sioneka ndi maso. Ngati mulibe kanthu, nanga ine ndinatupa ndi chiyani?"

"Funso limenelo ndi lomwe ndakhala ndikufunsa ine, alamu," anatero mayi Roselyn.

Abusa anakweza dzanja kuti kukhale bata. Abusa athu si munthu woipa, kungoti akakonzekera nkhondo sabwerera osamenya. Anatulutsa kabotolo kawo ka mafuta, nawonso ali nako kawo, ndipo anapempherera miono, kapepala, phula, ulusi ndi poto, mphindi makumi anayi, mpaka kolala kunyowa. Atati amen anapukuta thukuta n'kuvundukula potoyo. Fungo la kambuzi linafika mpaka kukhitchini.

"Kaya munali kanthu, kaya munalibe, lero zathyoka. Ndipo mdaniyo timuonetse kuti sitimuopa." Anatenga nkhanu imodzi, anathyola mchira, anasenda, anadya. Anatenganso ina. "Tsabolayu ndi wa kumudzi, eti?" Akulu ataona kuti abusa sanagwe, nawonso anapisa. Zotentha poto zinaiwalika. Kenako abusa anasankha yaikulu kwambiri n'kuiika pa buku la maminitsi.

"Tsopano inu a mlembi, amene mdani anakugwirani. Idyani, mpingo uone kuti mwamasulidwa."

"Abusa, actually, malemba amati..."

"Malembawo ndi ntchito yanga. Idyani."

"Ndadya kale kunyumba."

"Kamodzi kokha. Kapena pempherolo mukulikayikira?"

Bwana Gresham anayang'ana akulu, akulu anali kutafuna. Anayang'ana chitseko, chinali patali. Anainyamula nkhanuyo. Anaisenda nthawi yaitali ngati akuwerenga miyendo, thukuta likudontha pa tayi. Madigiri awiri aja anakhala pansi n'kukambirana, n'kugwirizana kuti kuli bwino kufa kusiyana ndi kuulula. Anatsegula pakamwa. Mayi Vailet anadumpha mpando n'kuwamenya dzanja, mchira wa nkhanu unauluka n'kukagwera pa piyano.

"Mukufuna mundisiyire ana inu? Dokotala anakuuzani chiyani? Anati thupi lanu limadana ndi nkhanu, mukadzalawanso ndi maliro. Jakisoni uja anakupatsani mwamusiya m'galimoto."

"Mayi, khalani pansi."

"Sindikhala. Bodza ndakusungirani, koma mtembo sindikusungirani."

Abusa anaika chigoba pansi. "Mayi, nkhanu zake ziti? Si paja a mlembi sadya?"

Zinatuluka zonse, mayi Vailet akulira, amuna awo akuyang'ana denga. Chiyambire Juni bwana Gresham ankatenga nkhanuzo kupita nazo kwa abwana awo a ku ofesi, mzungu wokonda za m'madzi, n'kumamuuza kuti amagwira okha ndi luso la makolo. Loweruka lija anavuula mono m'mawa, anakaona kabotolo, anachita mantha, koma anaonjolabe poti anali atalonjeza. Masana abwanawo anaitana anthu a ku ofesi ku nyumba kwawo kukaotcha nyama, anaphika nkhanuzo, n'kunena pamaso pa onse kuti msodzi ndiye ayambe. Kwa a Matewere anakana ndi malemba. Kwa mzungu malemba anasowa. Anadya zisanu.

A Matewere sanakalipe. Ine ndikanagubuduza tebulo. Iwo anangofunsa, "A Dzimbiri, ukonde uja munang'ambiranji? Unali mono watsopano." Anatembenukira kwa abusa. "Ndiye mawa mulengeze."

Akulu anapempha kuti mabanja awiriwo adikire panja kuti iwo akambirane. Anatuluka atatu. Bwana Gresham anatsala, poti maminitsi alemba ndani? Zomwe ndinamva pa kawindo ndi zomwe zimandidwalitsa mpaka lero. Akuti nkhaniyi ndi sensitive. Akuti a mlembi ndi amene amalankhula ndi eni holo, ndi amene amalembera anthu makalata a mapepala awo okhalira kuno, akachita manyazi n'kuchoka tigwira mtengo wanji. Akuti ukaonetsetsa onse awiri analakwa, wina potenga za mwini, wina poika chinthu chokhumudwitsa abale. Akuti mpingo si bwalo la milandu. Masabata atatu apitawo unali bwalo la milandu, ndi chigamulo chomwe. Khoswe akakhala pa mkhate sapheka, ndi zoona, koma kwathu mwina timayesako kumuopseza.

Anawaitana, anawauza kuti agwirane chanza, a Matewere abwerere pakhomo mawa ngati palibe chinachitika. A Matewere chanza anagwira. Anangobwereza kuti, "Mulengeze."

Lamlungu holo inadzaza, chifukwa mphepo inali itawomba kuti kuli nkhani. A Matewere anafika oyamba monga mwa masiku onse, anayala mipando yonse, koma kabaji sanavale, anati adikire kaye mawu a pa guwa. Nthawi ya zolengeza abusa anawerenga pepala lolembedwa ndi mlembi. "Nkhani ija yatha mwamtendere. M'bale wathu wapemphereredwa, zinthu zonse zathyoledwa, ndipo tikumulandiranso ndi chikondi." Anthu anaomba m'manja. Azimayi ena analuluta. Mayi wa chitenje uja anatembenuka n'kuwayang'ana a Matewere ndi maso a chifundo, aja timayang'anira mfiti yolapa.

A Matewere anadikira kuti mwina pali mzere wina. Abusa anapitiriza ndi za ulendo wa kwaya wa ku Leicester. Apo anaimirira, anamanga mabatani a jekete, anagwira dzanja la Chrissy n'kutuluka. Mayi Roselyn anabwera kukhitchini kudzatenga poto wawo wa mpunga, ananditsinzinira diso lofiira, nawonso n'kutuluka. Mipando tsiku limenelo inapindidwa ndi ife azimayi, ndipo magetsi anagona oyaka.

Papita zaka ziwiri tsopano. A Matewere amapemphera pa katchalitchi ka pa kona, ka azigogo achizungu ndi a ku Jamaica, ndipo ndamva kuti kumenekonso anawapatsa makiyi. Ku mtsinje amapitabe, ndipo Mmalawi safika pafupi ndi miono yawo, ngakhale woledzera. Zimenezo siziwasangalatsa. Akakumana ndi anthu a kwathu pa Coventry Road amapereka moni woyamba, ena amayankha, ena amakokera ana awo mbali inayo. Bwana Gresham akadali mlembi, ndipo chaka chatha anapereka umboni ku msonkhano wa ku Coventry wa mmene Ambuye anawalanditsira ku mivi ya mdani. Akulu anayi aja anadya nawo potoyo, abusa anadya ziwiri, koma mukawafunsa amati nkhani inatsekedwa. Ine ndauza aliyense wokhala nane pa basi, ndipo yankho ndi lomwelo, lakuti iwe ndiye ndi miseche yako. Miseche ndili nayo, sindikana, n'chifukwa chake ndalemba kuti muleke kunena kuti munamva molakwa.

Bwana Gresham Dzimbiri ankaba nkhanu za a Matewere, tsiku lina anazidya, ndipo thupi lawo linazikana.